Majuzi Makumi Awiri ndi Mwala wa Pakhomo

Majuzi makumi awiri anabwerera kwa mwiniwake m'thumba lomwelo limene anapitira. Panalibe ngakhale imodzi imene inalandiridwa.

Inu amene mukuwerenga, mwina munagwirapo ntchito ndi mtima wanu wonse, kenako n'kuona munthu akuikankhira kwa inu ndi nsonga za zala. Ngati zinakuchitikiranipo, kokani mpando, nkhaniyi ndi yanu. Ine ndinaimvera pamwamba pa lole, manja anga onse awiri atamangidwa ndi ulusi. Za lolezo tifikako, tiyambe ndi thumba lija.

Mayi amene ndikunenawa masiku ano amadziwika kuti Amajuzi. Nthawi imeneyo dzinali anali asanalipeze. Anali mayi wamasiye, akadali wamng'ono, ndipo ankakhala m'chipinda chimodzi cha lendi kumapeto kwa mdadada wa zipinda zisanu ndi chimodzi. Chipindacho chinalibe zenera. Pamene panali zenera kale eni nyumba anatsekapo ndi njerwa, ati kuopa akuba, ngati kuti m'menemo munali choba.

Mwamuna wawo anawasiyira njinga yakale ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu, wamiyendo yaitali, wosatha kukhala pamodzi. Ankamutcha Kachiwala. Kupatula zimenezi, anali ndi singano ziwiri zolukira zimene anazigwira kuyambira ali mtsikana.

Tsiku lina aphunzitsi aakulu a kasukulu kena anaona kajuzi kamene Kachiwala anavala, n'kufunsa amene anakaluka. Anaitanitsa majuzi makumi awiri abuluu a ana a kalasi imodzi, oti adzavale nyengo yozizira ikafika. Mayiwo anagulitsa njinga ija n'kugula ulusi.

Pofuna kuti majuziwo afanane ngati ana a mimba imodzi, sanaluke imodziimodzi. Anayamba ndi m'munsi mwa onse makumi awiri, kulekeza m'khwapa. Atafika pamenepo ulusi unatha. Anabwerera kusitolo komwe kuja, n'kupempha buluu yemwe uja, n'kumalizira zifuwa ndi manja. Zonsezi ankachitira m'chipinda chija. Ngakhale m'thumba anawalongera momwemo.

Kusukulu aphunzitsi aakulu anamasulira thumbalo pabwalo, dzuwa lili pamutu. Anakweza juzi yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Iliyonse inali ndi mzere wodutsa pachifuwa: m'munsi buluu wodera, m'mwamba buluu woyererako.

"Mayi," anatero aphunzitsiwo, "kodi ana angawa awoloka mtsinje uti? Taonani, madzi awalekeza m'chifuwa onse."

Mayiwo anayang'anitsitsa mzerewo. Aka kanali koyamba kuona ntchito ya manja awo padzuwa.

Anadutsira kusitolo ndi thumba pamutu. Mwini sitolo anayang'ana juzi imodzi n'kupukusa mutu.

"Mtundu ndi umodzi, koma miphika ndi iwiri. Ulusi amaunyika mu utoto mphika ndi mphika, ndipo palibe miphika iwiri yotuluka chimodzimodzi. Pakapepala kokulunga mpukutu amalembapo nambala ya mphika. Simunayang'ane?"

Timapepala timeneto mayiwo anali atakolezera moto tonse.

Mbiri yoipa imathamanga kuposa mwiniwake. Pasanathe sabata anatulukira achimwene awo, amene ankagwira ntchito ya njanji kutali, ulendo wa masiku awiri. Sanali munthu woipa, ndipo ndikufuna muzikumbukire zimenezi. Anakhala pampando umodzi wokha umene unalipo, n'kuitana Kachiwala. Anazunguliza chala chachikulu ndi chamkombaphala pamkono wa mwanayo, zala n'kukumana, malo n'kutsala.

"Mlongo wanga, sindinabwere kudzakuseka," anatero. "Koma taona. Singanozi zikulephera kudyetsa pakamwa pamodzi, nanga pawiri? Mwanayu ndimutenga. Kwathu bedi lilipo, sukulu ili pafupi, alamu ako avomera kale."

"Achimwene, uyu ndi yekhayo amene ndatsala naye."

"Ndiye chifukwa chake sindikufuna akuthere m'manja."

"Ndipatseni mpaka sukulu itatsekera."

Achimwenewo anadzuka pampando paja. Kenako anati, "Tsiku lotsekera ndibwera ndi chikwama. Ndikadzapeza zinthu zili chonchi, usadzanditche wankhanza."

Atachoka, Kachiwala anafunsa, "Amayi, kwa amalume n'kutali bwanji?"

"Masiku awiri pa sitima."

"Ndiye mukamandiitana sindizimva."

M'mawa mwake mayiwo anabwereranso kusukulu, manyazi atawapinda n'kuwaika m'thumba la diresi. Aphunzitsi aakulu sanalonjeze zambiri. "Tsiku lotsekera makolo adzabwera. Mukabweretsa opanda mtsinje, ndidzawaona. Apo ayi, ndikagula a m'sitolo."

Kupempha nthawi n'kosavuta. Koma njinga ina yogulitsa panalibe, ndipo miphika iwiri inali iwiribe. Masiku atatu mayiwo anangokhala pamwala wafulati umene unali pakhomo pawo ngati chopondera, thumba lili pambali, osalitsegula.

Tsidya la msewu mmisiri wina ankamanga mpanda. Mukakhala ndi nkhawa maso amangotsatira chilichonse choyenda, ndiye mayiwo ankangomuyang'ana. Anaona kuti akutola njerwa imodzi pamulu wa kumanzere, ina pamulu wa kumanja, uku ndi uku, tsiku lonse. Tsiku lachinayi zinawakwana.

"Amisiri, bwanji osamaliza mulu umodzi kaye? Mukungodzithyola msana."

"Ha, abwana afika," anayankha mmisiriyo osatembenuka. "Masiku atatu mukundiyang'anira ulere, lero mwayamba kulangiza. Njerwazi, mayi, zachokera m'ng'anjo ziwiri. Izi zinapsa kwambiri, izi zinayera. Ndikamaliza mulu umodzi kenako wina, khomali lioneka ngati lavala kabudula. Koma ndikasakaniza, diso limatopa, limasiya kuwerenga."

Mayiwo anayang'ana mbali ya mpanda imene inali itatha. Anafunafuna pamene njerwa zofiira zalekezera, osapapeza. Anadzuka, n'kukhuthulira thumba lonse pamwala paja.

Amene sanalukepo sadziwa kuwawa kwa kumasula. Chimene unaluka masiku anayi chimatha pa kanthawi kochepa, ukungokoka, ndipo kamamveka kaphokoso kakang'ono ngati munthu akukuseka chapansipansi. Ndiponso ulusi womasula suiwala msanga. Umatuluka wopotanapotana ngati tsitsi lomasulidwa kumene. Mayiwo ankauzunguliza pamsana pa mpando, kuuchapa, n'kuuyanika atamangirira mabotolo a madzi kunsi kuti uwongoke.

Kenako anayesa. Mizere iwiri ya wodera, mizere iwiri ya woyererako, iwiri, iwiri, mipukutu yonse iwiri ikuyendera limodzi. Ataluka kachigamba kofanana ndi chikhatho, anatuma Kachiwala kuti akaime pampopi, kumapeto kwa bwalo.

"Ukuuona mtsinje?"

"Ayi."

"Usandinamize chifukwa choopa sitima."

"Palibe, amayi. Bwerani mudzaone nokha."

Anasinthana malo. Kuchokera pampopi paja, kachigambako kanali ka buluu mmodzi, ndipo anali wokongola kuposa awiri aja.

Kuyambira tsiku limenelo mwala uja unasanduka ofesi. Dzuwa likangofika pakhomo, mayiwo ali pamenepo. Likachoka, singano pansi. Analumbira kuti sadzalumikizanso ulusi m'chipinda cha mdima.

Anansi sanachedwe kuyamba. Mayi wa chipinda choyandikana nacho, wogulitsa tomato, munthu wa pakamwa posatseka, anapeza chingwe choyanikira chadzaza ulusi ndi mabotolo.

"Ndiye ife zovala tiyanike pamutu panu? Anzanu akuluka, inu mukumasula. Ntchito yanji yoyenda chafutambuyo?"

Koma tsiku lachiwiri ndi yemweyo amene anabwera n'kutambasula manja. "Bweretsani kuno, mpandowo ukukuchedwetsani. Koma fulumirani, tomato wanga akupsa ndi dzuwa." Anagwira ulusi akudandaula, ndipo anapitiriza kugwira akudandaula mpaka sukulu inatsekera.

Zala za amayi a Kachiwala zinang'ambika pamene ulusi umadutsa. Anazimanga ndi kansanza n'kupitiriza. Kunagwa mvula masiku anayi, dzuwa osaoneka, ndipo mayiwo anangokhala pakhomo akuyang'ana kumwamba ngati mlimi, koma akupempha zosiyana ndi za mlimi. Tsiku lotsekera litakwana, anali atamaliza majuzi khumi ndi asanu ndi anayi. Imodzi inatsala yosamasula, mtsinje wake uli pachifuwa.

Achimwene anafika m'mawa monga ananenera, chikwama chatsopano chili m'manja. Kunali kachisanu, ndipo Kachiwala anavala juzi yotsala ija chifukwa yake inali itamuchepera. Achimwenewo anangonyamula thumba la majuzi n'kuliika paphewa, onse atatu n'kuuyamba wa kusukulu.

Aphunzitsi aakulu anamasulanso thumba pabwalo pomwe paja. Anakweza juzi yoyamba padzuwa, kuitembenuza, kuitalikitsa, kuiyandikitsa. Anachita chimodzimodzi ndi yachiwiri, mpaka yomaliza.

"Mwagula ulusi wina," anatero.

"Ayi, aphunzitsi. Ndi womwe uja."

"Mayi, ine ndili ndi maso."

Mayiwo anakoka Kachiwala n'kumuimika patsogolo. Anatenga juzi imodzi yatsopano n'kuigundanitsa ndi ya mwanayo, choyamba m'munsi, kenako pachifuwa. Aphunzitsiwo anawerama mpaka magalasi awo anatsetsereka pamphuno. Pafupi choncho mizere iwiriiwiri ija inkaoneka. Atabwerera m'mbuyo phazi limodzi, inasowa.

"Ndipo ya makumi awiri ili kuti?"

"Ndi imene wavalayi. Nthawi inandithera."

Aphunzitsi anayang'ana mwanayo, n'kuyang'ana zala zomangidwa nsanza zija.

"Imeneyo musiyireni mwiniwake, yamukhala. Mundilukire ina. Komanso kalasi yapamwamba ili ndi ana makumi atatu, ndipo nawonso kuzizira amakumva."

Potuluka pageti achimwene anaima. Anayang'ana chikwama chija kwa kanthawi, kenako anachipereka kwa Kachiwala.

"Tenga. Uziikamo mabuku." Anatsokomola, maso ali kumbali. "Mlongo, kunjanji kuja mapazi amazizira. Ngati ulusi ungatsaleko."

Mwanayo sanakwere sitima.

Sindinena kuti kuchokera pamenepo zonse zinayenda pamyaa. Kunabwera zaka zofunda zimene anthu sanafune majuzi, kunabweranso zovala zotchipa zimene zinadzaza misika. Koma kalasi ina inaitana inzake, sukulu ina inauza ina. Chipinda china cha mdadadawo chitatsala chopanda munthu anachitenga, kenako chachitatu. Anagula makina olukira, anaphunzitsa amayi anayi, ndipo aliyense phunziro lake loyamba linali lomwelo: kapepala ka mpukutu sakolezera moto, ndipo ulusi amaufunsa padzuwa. Dzina la Amajuzi linamera lokha. Kachiwala anamaliza sukulu n'kuphunzira ntchito ya zamagetsi. Amati anatopa ndi kuona amayi ake akuthamangitsana ndi dzuwa.

Tsopano tibwere ku lole ija.

Ine miyendo yanga siimva kukhala, ndipo ukalamba walephera kuilangiza. Mwezi watha ndinaima pamphambano ina ndi kachikwama kanga, basi osaoneka. Inatulukira lole yodzaza katundu wa m'nyumba: bedi miyendo m'mwamba, makina okutidwa ndi bulangeti, matumba a ulusi. Ndinakweza dzanja, dalaivala n'kundilozera kumbuyo. Kumeneko ndinapeza mayi wa imvi atakhala pa matiresi, akuyang'ana kumene lole ikuchokera. Malo okhala ndinawapeza pamwala wina wafulati, wosalala ngati mbale.

"Mwakhalira ofesi yanga, bambo," anatero. "Palibe kanthu, koma ofesi salowa ulere. Tambasulani manja."

Ndisanafunse, anali atandizunguliza ulusi wabuluu m'mikono. Pamiyendo pawo panali kajuzi kakale, kothethekeratu m'zigongono, ndipo ankakamasula pang'onopang'ono. Munthu womangidwa choncho sangathawe nkhani, ndipo ine sindinafune kuthawa.

Amenewa ndiwo anali Amajuzi. Anandiuza kuti mdadada uja wagulitsidwa, augwetsa kuti amangepo mosungira katundu. Kachiwala, amene tsopano ali pabanja ndipo ndi woyembekezera, wawamangira chipinda kuseri kwa nyumba yake. Dalaivala anawapempha kuti akhale kutsogolo, iwo anakana. Ankafuna aone msewu wawo mpaka utabisika.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri," anatero. "Mwana wanga ndi mwamuna wake akuti ndisangalale, ndachoka m'dzenje. Sakudziwa. M'mawa uno ndasesa chipinda chija kawiri, chonsecho mawa achigwetsa. Ndakhoma ndi loko, kenako ndadziseka ndekha. Msomali umene ndinkakolekapo sizasi ndauzula, uli m'thumba umu. Mpopi uja umadontha mpaka lero, ndipo sindikudziwa ngati tulo tidzabwera popanda kudontha kwake. Mnzanga wa tomato uja tinamuika zaka zitatu zapitazo. Chingwe chathu chija ndachisiya pomwepo, ndinalephera kuchimasula."

"Koma chipindacho ndi chimene chinakupusitsani," ndinatero.

"Chinandinamiza kamodzi. Masiku ena onsewo chinandisunga. Inu anthu amene anakunamizani kamodzi kokha munawataya onse?"

Ndinafunsa za mpanda wa mmisiri uja.

"Ulipo. Tadutsa pomwepo inu musanakwere. Eni ake anaupaka laimu, anthu osadziwa chinthu."

Kenako anatsegula kachikwama n'kundionetsa zimene zili pa singano masiku ano. Sokosi zotuwa, imodzi yatha, ina ili pachidendene. Ndi za achimwene awo. Anapuma ntchito kalekale, mano anatha, koma chaka chilichonse sokosi zimapita, ndipo chaka chilichonse amayankha kuti zathina. Panalinso shawelo yoyera ya mkwatibwi wina, imene anati yawatopetsa chifukwa mwiniwake amasintha maganizo ngati mphepo. Majuzi a sukulu anawasiyira amayi anayi aja, apeza malo awo pafupi ndi msika.

"Nanga iyi mukumasulayi?"

"Iyi ndi ya makumi awiri ija. Kachiwala anaivala mpaka manja analekeza m'zigongono. Ndinaipeza pansi pa sutikesi polongedza. Ndimafuna ndiisunge choncho, koma juzi yosungidwa imadyetsa njenjete basi. Ulusi wabwino ukadalimo wokwana kajuzi ka khanda."

"Mudzasakanizanso iwiriiwiri?"

"Ayi. Kameneka ndikabwezera mtsinje wake, pachifuwa pomwepo. Mwanayo akadzakula n'kufunsa kuti agogo munalakwitsa bwanji apa, ndidzamukhazika pansi."

Tinafika dzuwa litapendeka pang'ono. Pageti panaima mayi wamtali, mimba patsogolo, sikuludiraiva itasomekedwa m'tsitsi. Sanadikire kuti lole iime bwinobwino.

"Amayi, mwakhala kumbuyo? Ndinanena kuti mukhale kutsogolo. Ndipo agogo awa mwawamangiranji?"

"Ndi antchito anga atsopano. Usawasokoneze."

Anatitengera kuseri. Chipindacho chinali ndi zenera lalikulu, loti munthu n'kudutsapo ataimirira, loyang'ana kotulukira dzuwa. Kachiwala anakhudza pakhoma, kudenga n'kuyaka.

"Mababu anayi, amayi. Ndaika ndekha. Muziluka nthawi iliyonse imene mwafuna."

"Babu ndi mboni yonama, mwanawe. Koma zeneralo ndalilandira."

Kunja kunamveka kubuula. Dalaivala ndi anzake awiri ankatsitsa mwala uja, akutukwana chapansipansi. Kachiwala anagwira m'chiuno.

"Amayi, mwanyamuladi chimwala chimenechi? Simenti yonse ndathira pakhondepa? Mukanachisiya."

Amajuzi analoza pakhomo pamene ankafuna kuti auike. Anadikira mpaka utakhazikika, anaupondaponda kuti aone ngati sukugwedera, kenako anakhalapo n'kutulutsa singano.

"Nanga iwe ndinakusiya?" anatero.

Kachiwala anaima pang'ono, kenako anadzitsitsa movutikira, ndi mimba yakeyo, n'kukhala m'mphepete mwa mwalawo. Anatambasula manja kwa ine kuti ndimupatse ulusi uja.

Ndinawasiya choncho n'kubwerera kumsewu.

Tsono inu amene thumba lanu labwezedwa, mverani. Mwina mwalakwitsa, ndipo mwina kulakwitsako kwaonekera pabwalo, anthu akuona. Lirani masiku anu atatu, palibe woletsa. Koma tsiku lachinayi khuthulani thumbalo padzuwa. Chimene mukuchiyesa chowonongeka mwina ndi ulusi womwewo umene mudzalukire mawa lanu, wodera ndi woyera pamodzi. Kumasula si kugonja. Gwirani nsonga, kokani, yambaninso, ndipo mtima wanuwo musauponye pansi singano zikadali m'manja.